Wotchi yodziwa chikweza cha Zomba

Mukaima pabwalo la zamasewero ku Chirunga, pa sukulu ya ukachenjede ya University of Malawi, phiri la Zomba limaoneka lili pafupi zedi, moti munthu n'kumati ndikafika pamwambapo tiyi asanazizire. Miyendo ndiyo imakauza zoona. Chirunga ndi tauni ya Zomba zili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Hotela ya Sunbird Ku Chawe, m'mphepete mwa phirili, ili pa mamita pafupifupi 1,500. Nsonga ya Malumbe, yaitali kuposa zonse, ili pa mamita 2,087. Wothamanga amene wanyamuka m'tauni kuti akagunde Malumbe amakwera mamita oposa 1,100, osawerengera tizigwa ta m'njira tomwe timamutsitsa n'kumukwezanso.

Masiku ano okwera phirili mothamanga achuluka. Loweruka m'mamawa mumakumana nawo pamsewu wa tala wokhotakhota wopita Ku Chawe: ophunzira a ku Chirunga, asilikali a ku Cobbe Barracks, ogwira ntchito m'maofesi a m'tauni, ena ochita kuchokera ku Blantyre. Olimba mtima amadzera Potato Path, kanjira kachidule koma koimirira komwe alimi ankatsitsira mbatata ya kachewere popita nayo kumsika. Mpikisano wa Run for Reforestation, womwe bungwe la TREEZ limakonza pofuna kupeza ndalama zobwezeretsera mitengo ndi kuteteza nkhalango ku moto, wakopanso ambiri kuti ayambe kuliyesa phirili. Pamikono ya ambiri mwa anthuwa pali wotchi ya GPS, kapena chinthu chomwe mwiniwake anauzidwa pogula kuti ndi wotchi ya GPS.

Amene sanagule amafunsa anzawo kuti yabwino ndi iti, ndipo mayankho ake kawirikawiri amakhala maina a makampani: Garmin, Coros, Suunto, Polar. Dzina palokha silithandiza. Kampani imodzi yomweyo imapanga wotchi ya wothamanga pamsewu wathyathyathya ndi ina ya wokwera mapiri, ndipo kunja zimafanana. Wotchi yomwe imakutumikirani bwino pamsewu wa ku Matawale ikhoza kukunamizani mutangolowa m'mapaini a ku Mulunguzi. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwera anthu a ndalama zawo, a magetsi osathima, othamanga m'njira zojambulidwa kale pamapu. Wa ku Zomba ayenera kuyambira pa phiri lake, n'kufunsa kuti phirili likufuna chiyani kwa wotchi.

Chomwe likufuna poyamba n'chakuti wotchiyo izidziwa chikweza. M'phiri kilomita siuza munthu zambiri. M'chaka cha 1892 William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland, anapereka kawerengedwe komwe anthu akugwiritsabe ntchito mpaka lero: woyenda pansi apatule ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kenako awonjezere ola lina pa mamita 600 aliwonse amene akwere. Kuchoka m'tauni kukafika Ku Chawe ndi pafupifupi mamita 600 amenewo. Ndiye kuti chikweza chokhacho chimadya ola lathunthu la woyenda, mtunda usanawerengedwe n'komwe. Wothamanga amafupikitsa nthawiyo, koma ngongole ya chikwezacho amailipirabe ndi ntchafu ndi mapapo. Anthu awiri akhoza kunena kuti athamanga makilomita 10 tsiku limodzi, wina kulowera ku Jali, wina kulowera ku damu la Mulunguzi, koma ntchito yomwe agwira ndi yosiyana kutalitali. Amene akukonzekera mpikisano wa m'phiri ayenera kudziwa mamita omwe wakwera pa sabata, kuposa makilomita omwe waponda.

Apa ndi pomwe mawotchi ambiri amagwera. Wotchi ya GPS situmiza kanthu kumwamba, imangomvetsera. Masetilaiti a GPS, omwe ndi a dziko la America, amazungulira pa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi pano, ndipo iliyonse imaulutsa mosalekeza malo omwe ili ndi nthawi yake. Wotchi ikamva masetilaiti osachepera anayi imawerengera nthawi yomwe uthenga wa iliyonse watenga kuti ufike, n'kupeza pomwe mwaima. Pa za kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kumwera imalondola bwino, chifukwa masetilaiti amakuzungulirani mbali zonse. Pa za kutalika kwa malo imalephera kawiri kapena katatu kuposa pamenepo, chifukwa masetilaiti onse omwe ikumva ali kumwamba, palibe ili pansi pa mapazi anu yoti ithandize kuyerekeza. Zotsatira zake, mutaima chiimire wotchi imatha kumati mwakwera mamita asanu, mwatsika asanu ndi atatu, mwakweranso. Timanambala tabodzati tikaphatikizana kwa maola atatu timabereka chikweza chomwe simunachikwere.

Mankhwala ake ndi kachipangizo kotchedwa barometer. Iko sikadalira setilaiti, kamayeza kulemera kwa mpweya. Munthu akamakwera, mpweya wom'psinja kuchokera kumwamba umachepa, ndipo pa misinkhu ya phiri la Zomba muyezo wake umatsika ndi hectopascal imodzi pa mamita 9 kapena 10 aliwonse. Barometer yabwino imamva ngakhale kukwera masitepe a nyumba yosanja. Ikagwira ntchito limodzi ndi GPS, nambala ya mamita okwera imakhala yoti mphunzitsi akhoza kuikhulupirira. Kwa ine ili ndiye funso loyamba kwa wogulitsa aliyense: muli barometer? Akayamba kufotokoza za nyimbo ndi mauthenga a WhatsApp, bwerezaninso funsolo.

Si mawotchi onse a makampani otchuka omwe ali nayo. Garmin Forerunner 55, yomwe inatuluka mu 2021 ndipo ndi yabwino ndithu pamsewu, ilibe. Forerunner 245, yomwe imapezeka kwambiri pakati pa zogwiritsidwapo kale ntchito, ilibenso. Forerunner 165, Forerunner 255 ndi Instinct 2 zili nayo. Coros Pace 2 ndi Pace 3 zilinso nayo, ngakhale zili m'gulu la zotsika mtengo.

Barometer nayo ili ndi khalidwe lake lofunika kulidziwa. Tembenuzani wotchiyo, muyang'ane m'mbali kapena kunsi kwake. Muona kabowo kakang'ono, mwina tiwiri, koti nsonga ya singano n'kukwanamo movutikira. Mpweya umalowera pamenepo. M'mwezi wa October, fumbi la m'misewu ya m'nkhalango ndi phulusa la malupsa zikasakanikirana ndi thukuta, zimauma n'kumata kabowoko. Wotchi imayamba kupenga: mwafika pa Williams Falls koma iyo ikuti mukadali m'munsi, kapena ikuti mwakwera mamita 3,000 pa ulendo wa maola awiri. Ambiri amafulumira kunena kuti yawonongeka. Iviikeni m'madzi ofunda pang'ono kwa mphindi zingapo, muitsukuluze, muisiye iume. Musatokosemo ndi singano kapena minga, chifukwa kachikopa ka m'katimo kakaboola basi kwatha.

Chinanso n'chakuti mpweya umasintha wokha ngakhale munthu asanasunthe. Kuno kumadera otentha kulemera kwa mpweya kumakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku: kumafika pamwamba cha m'ma 10 koloko m'mawa, n'kutsika kwambiri cha m'ma 4 koloko masana. Mvula ikamabwera kumasinthanso. Choncho wonyamuka ku Chirunga m'mawa n'kubwerera madzulo akhoza kupeza wotchi ikunena kuti bwalo lomwe lija lakwera ndi mamita 20 kapena 30. Si vuto lalikulu, ndipo mawotchi ambiri amadzikonza okha pogwiritsa ntchito GPS, koma ndi bwino kuiuza wotchi kutalika kwenikweni kwa malo omwe mumanyamukira ngati mukukudziwa.

Tsono za mtunda. Pamsewu woyera, thambo lili poyera, pafupifupi wotchi iliyonse ya GPS yeniyeni imachita bwino. M'phiri la Zomba muli zinthu ziwiri zosokoneza: mitengo ndi matanthwe. Masamba onyowa a paini ndi a nkhalango yachilengedwe ya m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi amafooketsa uthenga wa setilaiti. Matanthwe amaubweza, moti umafika pawotchi mochedwa utayamba wagunda mwala, ndipo wotchi imaganiza kuti muli kutsidya kwa chigwa. Mukadzayang'ana mzere wa ulendo wanu pafoni mumapeza ukudumpha mtsinje uku ndi uku pomwe inu munali m'njira imodzi. Wotchi yomva masetilaiti a mayiko angapo nthawi imodzi, GPS ya America, GLONASS ya Russia, Galileo ya mayiko a ku Ulaya ndi BeiDou ya China, imachepetsa vutoli chifukwa ngakhale phiri litatchinga theka la thambo, imapezabe okwanira. Kuyambira mu 2021, pomwe Coros inatulutsa Vertix 2, kwabweranso mawotchi omva setilaiti iliyonse pa mafunde awiri, L1 ndi L5, zomwe zimawathandiza kuzindikira uthenga wobwezedwa ndi thanthwe n'kuutaya. M'zigwa zakuya zimenezi zimathandizadi. Koma ndikanakhala ndi ndalama zokwanira chimodzi chokha pakati pa mafunde awiri ndi barometer, ndikanatenga barometer. Kuphonya mamita 200 pa makilomita 20 sikuwononga maphunziro a munthu; kuphonya mamita 400 a chikweza kumawononga.

Zolakwika zina si za wotchi, ndi za mwiniwake. Ambiri amadina batani loyambira ali pansi pa khonde, wotchi isanagwire masetilaiti, n'kuyamba kuthamanga. Kilomita yoyamba imasokonekera pomwepo. Imani poyera, mudikire mpaka chizindikiro chisonyeze kuti yagwira. Muzimitsenso kaja kamene kamaimitsa nthawi kokha munthu akaima. Pa Potato Path pali malo omwe ngakhale katswiri amayenda atagwira mawondo, ndipo wotchi imaona ngati waima, n'kusiya kuwerenga pamalo pomwe ntchito yakula. Iuzeninso kuti izilemba malo sekondi iliyonse. Ikamalemba mwa apo ndi apo pofuna kusunga batire, imadula makona onse a njira yokhotakhota, n'kukuberani mtunda.

Nkhani ya batire kwathu kuno ili ndi mbali ziwiri: kutalika kwa ulendo ndi kuthimathima kwa magetsi. Wotchi yofuna kutchajidwa usiku uliwonse idzakugwiritsani mwala tsiku lomwe magetsi apita madzulo n'kubwera inu mutanyamuka kale. Manambala olembedwa pabokosi ndi ofunika kuwawerenga mofatsa. Coros inalengeza kuti Pace 3 imatha maola 38 ikamamva GPS yokha, maola 25 ikamamva masetilaiti a mayiko onse, ndi maola 15 ikatsegula mafunde awiri. Nambala yaikuluyo ndi yomwe wogulitsa amatchula, koma yaing'onoyo ndi yomwe mudzagwiritse ntchito m'nkhalango. Pamwamba pa apo, batire limafooka ndi zaka, ndipo kuzizira kwa June ndi July pamwamba paphiri kumalidyanso. Werengani maola a ulendo wanu wautali kwambiri, muwachulukitse kawiri, ndipo wotchi ikwanitse pamenepo. Wozungulira phiri la Zomba kudzera ku Chingwe's Hole, Queen's View ndi Emperor's View asatsike pa maola 20 enieni.

Galasi la wotchi limakhudzanso batire. Lowala kwambiri, la mtundu wa AMOLED, ndi lokongola ndipo limaoneka bwino m'nkhungu, koma limadya moto. Losawala, looneka lachikale, limawerengeka bwino dzuwa likamaswa mtengo ndipo limatha masabata. Zotchaja ndi dzuwa zimawonjezera pang'ono chabe. Pansi pa mitengo siziphula kanthu, ndipo ndalama yowonjezerayo ndi bwino kugulira nsapato.

Aliyense amene anakumanapo ndi chiperoni pamwamba pa phiri la Zomba amadziwa chifukwa chake nkhani ya njira si yamasewera. Kumacha bwinobwino, nyanja ya Chilwa ikuoneka, Mulanje ali apo. Posakhalitsa nkhungu imakwera kuchokera m'munsi, n'kuphimba zonse, moti mtengo womwe uli pa mamita khumi sukuonekanso. Kumazizira mwadzidzidzi, paja mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse okwera, ndiye wothamanga wavala kamalaya kopyapyala konyowa ndi thukuta. Misewu ya m'nkhalango imafanana yonse, mphambano zilibe zikwangwani, ndipo chigawo cha mapaini chomwe munkachidalira ngati chizindikiro chaka chatha mwina chinadulidwa kapena kupsa. M'mphepete mwa phirili muli maphompho enieni. Pa nthawi yotere wotchi yotha kukubwezani ndi yamtengo wapatali kuposa china chilichonse chomwe ili nacho.

Pali njira ziwiri zomwe mawotchi amachitira zimenezi. Ina imangoloza komwe munayambira molunjika, ndipo m'phiri imeneyi ndi yoopsa, chifukwa mzere wolunjika ukhoza kudutsa paphompho. Yofunika ndi ija yokubwezani m'mapazi mwanu momwe, yomwe Garmin imaitcha TracBack: wotchi imajambula kamzere ka momwe mwadzera, inu n'kumakatsatira chobwerera, ndipo mukaphonya mphambano imanjenjemera. Ambiri mwa mawotchi otere amalolanso kulowetsamo njira yomwe wina anathamangamo kale, kudzera m'fayilo ya GPX. Mawotchi okwera mtengo ali ndi mapu athunthu a mitundumitundu, koma mapuwo amatengedwa kwambiri ku OpenStreetMap, komwe anthu odzipereka ndiwo amajambula, ndipo tinjira tambiri ta otola nkhuni ndi onyamula matabwa simupezekamo. Kulipira madola mazana owonjezera chifukwa cha mapu osonyeza msewu waukulu wokha n'kutaya ndalama. Kamzere kamene kanajambulidwa ndi mnzanu wodziwa phiri n'kothandiza kuposa pamenepo.

Ndinene mosabisa kuti wotchi silowa m'malo mwa munthu. Siidziwa kuti mlatho wamitengo unakokoloka ndi mvula ya mwezi watha, siidziwa kuti kutsogoloku kwabuka moto, ndipo mukathyoka mwendo nthawi zambiri singaitane aliyense popanda foni ndi netiweki, yomwe m'zigwa zina imasowa. Pafupi ndi Ku Chawe pamakhala anyamata olondolera alendo omwe anakulira m'phirimo. Pa ulendo woyamba wa njira yatsopano tengani mmodzi, mumulipire bwino, wotchi ijambule njirayo muli naye. Kunyumba muzisiya mawu a komwe mwalowera ndi nthawi yomwe mubwere.

Zing'onozing'ono sizifuna mawu ambiri. Mabatani ndi odalirika kuposa galasi logusa, chifukwa chala chonyowa ndi thukuta kapena mvula galasi silichimva. Wotchi ikhale yolembedwa 5 ATM kuti ipirire mvula ya January. Yopepuka, ya magalamu 30 mpaka 50, siivuta pamtsetse. Yolemera imagwedera n'kusupula khungu.

Za kugunda kwa mtima ndi zofunika kuzimvetsa pang'ono, chifukwa pachikweza liwiro silitanthauza kanthu ndipo mtima ndiwo umanena ngati mukupyola muyezo. Timagetsi tobiriwira ta kunsi kwa wotchi timaunika magazi odutsa pansi pa khungu. Timasokonezeka dzanja likazizira, lamba akakhwepa, kapena potsika mothamanga pomwe mkono ukugwedezeka kwambiri. Nthawi zina wotchi imayamba kuwerenga mapazi m'malo mwa mtima. Ofufuza sanagwirizane chimodzi pa nkhani yoti khungu lakuda limachepetsa kulondola kwa timagetsiti: ena anapeza kusiyana, ena ayi. Chothandiza n'kumanga wotchi mokwanira bwino, chala chimodzi pamwamba pa kafupa ka padzanja. Amene akufuna manambala osakayikitsa agule lamba wa pachifuwa, yemwe amamva mphamvu ya mtima weniweniwo, ndipo aonetsetse kuti wotchi yake imalumikizana naye. Kampani ya Polar ya ku Finland inatulutsa chipangizo chotere chopanda waya mu 1982, ndipo mpaka lero palibe cha padzanja chomwe chachiposa.

Tifike pa ndalama, pomwe ambiri timagwira njakata. Mawotchiwa amagulidwa ndi madola. Pace 3 inatuluka mu 2023 pa madola 229, Forerunner 165 mu 2024 pa madola 249, pomwe Garmin Fenix 8 inayambira pa madola pafupifupi 1,000. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ndalama zakunja ndi zosowa. Ngakhale yotsika mtengoyo ndi malipiro a miyezi ingapo kwa anthu ambiri. N'chifukwa chake m'misika ndi m'masitolo a mafoni mwadzaza mawotchi owala, a mabokosi okongola, a mtengo wofikirika, olembedwa GPS. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri mwa iwo alibe GPS yawoyawo: amabwereka ya foni kudzera pa Bluetooth, kapena amangowerenga mapazi n'kuyerekeza mtunda. Pachikweza, pomwe mapazi amafupika, kuyerekezako kumaphonya kwambiri.

Kuyesa n'kosavuta ndipo wogulitsa woona sangakane. Zimitsani Bluetooth, foni muisiye m'sitolo, mutuluke ndi wotchi yokha n'kuiuza kuti mukuyamba kuthamanga. Yeniyeni imayamba yafunafuna masetilaiti, mwina kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako n'kusonyeza kuti yagwira. Ikamakuuzani kuti lumikizani foni, ibwezeni. Mukapeza mpata pitani nayo pabwalo la mpira. Bwalo lokwanira muyezo ndi mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi, ndiye kulizungulira katatu motsata mzere ndi kilomita imodzi ndi mamita 38. Wotchi iyandikire pamenepo. Poyesa barometer kwerani masitepe a nyumba yosanja, monga zilili nyumba zina za ku Chirunga. Nsanjika iliyonse nambala ikwere ndi mamita atatu kapena anayi, ndipo mukatsika ibwerere pomwe inali.

Yogwiritsidwapo kale ntchito, yochokera kwa wachibale wa ku Johannesburg kapena ku UK, nthawi zambiri ndiyo njira yanzeru. Forerunner 255 kapena Pace 2 ya zaka ziwiri imaposa wotchi yatsopano yosadziwika mwini. Chenjerani ndi batire, chifukwa linamatiridwa m'kati ndipo kulisintha n'kovuta. Itchajeni idzaze, muiyatse GPS kwa ola limodzi panja, muone kuti yatsika ndi zingati. Ikadya 15 peresenti pa ola, singakufikitseni maola 7. Mwini wakale aichotse pa akaunti yake. Chingwe chotchajira chikhalepo, ndipo wotumizayo aikemo chachiwiri, chifukwa zingwezi n'zosiyana ndi za foni ndipo simungangochipeza pamsika wa Zomba. Mawotchi ambiri abwinobwino agona m'madilowa chifukwa cha chingwe chokha.

Pali chinthu chimodzi chomwe ambiri sadziwa: GPS siifuna bandulo kapena netiweki. Uthenga wa setilaiti ndi waulere ndipo umafika paliponse pomwe thambo likuoneka. Bandulo imafunika pokhapokha potumiza ulendo wanu ku pulogalamu ya pa intaneti ya Strava kapena ya kampani ya wotchiyo. Izi zikutanthauzanso kuti foni yomwe muli nayo kale ikhoza kujambula ulendo wanu popanda kulipira kanthu. Ndi yolemera, batire lake limatha msanga, ikagwa pamwala mwalira, koma kwa woyamba kumene ndi yokwanira. Amene alibe nsapato zogwira bwino pamatope ndi pamasamba oterera a paini ayambe wagula nsapato. Ndipo potumiza maulendo pa intaneti bisani poyambira ndi pothera, chifukwa mzere wa tsiku ndi tsiku umaloza pakhomo panu ndi nthawi yomwe simukhalapo. Mu January 2018 mapu a Strava anaulula malo a misasa ya asilikali m'mayiko angapo chifukwa cha asilikali omwe ankathamanga atavala mawotchi. M'tauni ya asilikali ngati Zomba nkhaniyi ndi yofunika kuikumbukira.

Pali mbali ina ya nkhaniyi yomwe imandikhudza kwambiri. Anthu olimba kwambiri m'phiri la Zomba savala wotchi. Ndi amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, anyamata osenza matabwa, ana ogulitsa sitiroberi m'mbali mwa msewu omwe amakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku. Ku Mulanje mphamvu yotereyi inapeza bwalo. Mpikisano wa Porters Race, womwe umachitika mwezi wa July, unayamba ngati wa onyamula katundu wa alendo okha. Umanyamukira ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20, ndipo opambana amamaliza patangodutsa maola awiri, ena atavala nsapato zoti wa m'tauni sangayendere n'komwe. Doris Fisher anatchuka kudzera mu mpikisano umenewu. Edson Kumwamba, mwana wa ku Mulanje komweko, anayambira m'phirimo asanakadziwike m'mipikisano ya m'mapiri ku South Africa ndi ku Ulaya. Palibe mwa iwo amene anapangidwa ndi wotchi.

Komabe wotchi ili ndi ntchito yomwe ingawagwirire achinyamata otere, ndipo ndi yaikulu kuposa yomwe imagwirira ife othamangira thanzi. Mphunzitsi wa ku Cape Town kapena kampani ya nsapato ya ku Ulaya singakhulupirire mawu okha akuti kuli mnyamata ku Zomba wokwera Potato Path mwa liwiro lodabwitsa. Ikaona fayilo yosonyeza tsiku, njira, mamita okwera ndi mphindi zake, imayamba kumvetsera. Fayiloyo ndi umboni womwe ungatsegule khomo la mpikisano, la nsapato, la tikiti ya ndege. Imathandizanso wothamangayo kudziwa ngati akupita patsogolo, ndi kupewa kudzipweteka ndi chikweza chochuluka pa sabata imodzi. Wotchi imodzi yokhala ndi barometer ikhoza kutumikira gulu lonse: lero yavalidwa ndi uyu, mawa ndi uyo, maulendo n'kumalembedwa m'kope ndi dzina la aliyense.

Choncho kwa wofuna kugula, chigamulo changa n'chakuti wotchi ya madola 200 mpaka 300, kapena inzake yogwiritsidwapo kale ntchito, yokhala ndi barometer, batire la maola 20, mabatani ndi kamzere kokubwezani, ndi yokwanira phiri la Zomba, la Mulanje ndi la Nyika lomwe. Zoposa apo ndi zokometsera. Kwa okonza mipikisano ya ku Zomba ndi ku Mulanje, ikani mafayilo a GPX a njira zanu poyera mpikisano usanafike, kuti anthu azikonzekera m'njira yeniyeniyo ndipo asamasochere. Ndipo inu amene mwagula yatsopano pomwe yakale ikugwirabe ntchito, musaitsekere m'dilowa. Ipititseni ku gulu la othamanga la kwanuko pamodzi ndi chingwe chake, mukawaonetsenso kagwiritsidwe ntchito kake.